Magazi a Ng'ombe M'firiji Mwanga

Ine ndimachenjeza, koma ana a masiku ano makutu anawasiya kusukulu. Tsiku limene mdzukulu wanga Suan anayamba ntchito ndinamuuza kuti mkazi wogwira magazi m'mawa asanadye kanthu, mwayi umamulambalala. Iye anaseka, anandipsompsona pamphumi, n'kupita.

Suan ndinamulera ndekha m'kanyumba kathu ka pamwamba, pa nyumba zosanja za ku Air Itam kuno. Kumene amagwira ntchito amapanga timapampu tochepa ngati dzira la bakha, toika pachifuwa cha munthu amene mtima wake watopa. Mnyamata amene akufuna kumukwatira, Kean, ndiye amajambula timapamputo. Suan amatiyesa, ndipo amatiyesa ndi magazi a ng'ombe amene amakatenga yekha kophera ng'ombe mbandakucha.

"Agogo, magazi si madzi," anandiuza tsiku lina. "Muli timatumba tofiira, tochepa kuposa mazira a nsomba. Kapampu kakazungulira mwaukali timatumbato timaphulika, ndipo zam'katimo zimakawononga impso za wodwala."

"Ndiye kazizungulira pang'onopang'ono."

"Kakachedwa, magazi amagwirana."

"Kuthamanga ndi imfa, kuchedwa ndi imfa. Unasowa ntchito ya kubanki?"

Koma chimene chinkandisowetsa tulo si timatumbato ayi. Ndi amayi ake a Kean, Mayi Yeoh. Kean ali khanda anadwala mpaka anthu anayamba kunong'onezana za bokosi, ndipo mayiwo analumbira pamaso pa Kuan Im, mulungu wamkazi wa kukachisi amene timamutcha mayi wachifundo, kuti mwanayo akachira, cha ng'ombe chilichonse sichidzalowa m'nyumba mwawo, ngakhale dzanja lochigwira. Mwana anachira. Lero mayiwo amadziwa kuti mwana wawo amapanga mapampu, ndipo amaganiza za madzi. Za Suan anauzidwa kuti amalemba manambala mu ofesi. Atandifunsa ine, ndinagwedeza mutu. Kugwedeza mutu si bodza, khosi limangotopa.

Ndiye pali Phaik. Amakhala pakhomo la ofesi yomweyo kulandira alendo, ndipo madzulo amayendetsa Mayi Yeoh pa galimoto kupita kukachisi. Amawatchula kale kuti amayi. Chenjerani ndi mtsikana amene amanyamulira mayi wa mnyamata chikwama asanapemphedwe.

* * *

Anali masiku osala nyama, pamene anthu opembedza amavala zoyera ndipo ogulitsa zakudya amapachika mbendera zachikasu. Tsiku lomaliza anyamata amanyamula mpando wa milungu pamapewa kuchokera kukachisi kupita nawo kunyanja. M'mawa umenewo Suan anadzera kunyumba kuchokera kophera ng'ombe kuti asinthe zovala. Bokosi lake la buluu analowa nalo m'khitchini, poti m'galimoto munali kutentha. Asanavule nsapato foni inalira, ndipo ndinamva mawu a Kean.

"Suan, usakwiye. Tili m'njira. Wa kukachisi wauza amayi kuti nthawi yabwino yokambira za chinkhoswe ndi m'mawa uno."

"M'mawa uno? Kean, ndikununkha khola."

"Samba msanga. Tafika kale pa msika."

Suan anathamangira kubafa. Ali pakhomo anatembenuka. "Agogo, bokosilo musalikhudze."

Ndinayima ndekha ndi bokosilo. Ine Mayi Yeoh ndimawadziwa. Masiku osala nyama akalowa m'nyumba ya munthu amayamba ndi kukhitchini, amavundukula mapoto, amanunkhiza zipande. Nyumba yathu ilibe pobisa chibokosi chotere, pansi pa bedi pali kale masutikesi. Ndinatsegula. Munali matumba awiri aakulu, ofewa, akuda ngati chiwindi. Thumba limodzi ndinaliika m'makina ochapira, n'kuunjika matawulo pamwamba. Linalo silinakwanemo, ndiye ndinalikankhira m'kachipinda kam'mwamba ka firiji, kumene madzi amasanduka miyala, kuseri kwa mabanzi. M'bokosimo ndinadzazamo kabichi ndi mpiru.

Ndinkaona kuti ndachita mwanzeru. Chinthu cha nyama chimafuna pozizira, nanga si aliyense amadziwa zimenezo?

* * *

Analowa atatu, Mayi Yeoh patsogolo, Kean pambuyo atanyamula malalanje, Phaik pakati ngati nyama ya m'banzi.

"Agogo, mwadzuka bwanji? Ndingaone kukhitchini? Ndimakonda kuona mmene anzanga amasamalira."

"Onani, mayi, ndi kwanu kuno."

Anavundukula mapoto. Anatsegula chitseko cham'munsi cha firiji, anayang'ana bowa ndi tofu wathu wa soya, anatseka. Dzanja lawo linakwera kufuna cham'mwamba, ine n'kutsokomola mpaka misozi, iwo n'kutembenuka kudzandisisita pamsana.

Phaik anali atayima pa bokosi, akuligogoda ndi chala cha phazi.

"Ili likufanana ndi la kuntchito kwathu lija. Si choncho, Suan?"

Suan anali atangotuluka, tsitsi lili lonyowa. Nkhope yake inayera ngati malaya a alendowo.

"Mabokosi a buluu ndi ambiri," anatero.

"Muli chiyani? Ndine wachidwi, mundikhululukire." Anatsegula asanayankhidwe, n'kupeza kabichi. Anamuyang'ana kabichiyo nthawi yaitali ngati amulankhula.

"Ndi wotchipa kumsika wa m'mawa," ndinatero. "Tenga mmodzi, mwana wanga, waonda."

Anakhala nthawi, alendowo. Tiyi anatha, ndinaphika wina. Anagwirizana kuti chinkhoswe chichitike masiku osala nyama akangotha. Kean ankamuyang'ana Suan mobera, Suan ankayang'ana wotchi ya pakhoma. Mayi Yeoh anamugwira manja onse awiri, anawatembenuza, nati, "Manja oyera. Manja a cholembera."

Suan atawaperekeza kuchikepe, ndinathamanga. Thumba la m'makina ochapira linali bwinobwino. La m'firiji linali litalimba m'mbali ngati njerwa. Ndinaliviika m'madzi ofunda monga ndichitira ndi nsomba, ndinalikanyakanya mpaka linafewa, ndinalipukuta, n'kubwezera onse awiri m'bokosi.

"Agogo, munawabisa kuti?" anafunsa Suan atabwera, akupuma mothamanga.

"M'makina ochapira."

Anaseka, anandikumbatira. "Inu ndinu mbava yeniyeni." Anatenga bokosi n'kuthamanga. Sanafunse ngati anali onse awiri, ndipo ine sindinaone chifukwa chotchulira.

* * *

Madzulo Suan anabwera. Anakhala pampando nsapato zili kuphazi. Foni inkangolira, iye n'kumaitembenuza chafufumimba. Kenaka kunamveka kugogoda, ndipo Kean analowa osandipatsa moni, chinthu chimene sanachitepo.

Ndinapita kukhitchini, koma nyumba yathu makoma ake ndi a pepala. Zimene ndinatolapo ndi izi. Thumba limodzi analithira mu kapampu kakale kamene amayerekezera nako, lina mu katsopano ka Kean, kamene wakhala akukajambula chaka chonse. Akamaliza kuyesa amapatula madzi a m'magazimo, ndipo madziwo amayenera kuoneka ngati tiyi wosalowerera. A kapampu kakale anaoneka choncho. A ka Kean anatuluka ofiira ngati madzi a chivwende. Abwana awo anati kapampuko kaikidwe pambali.

"Ndikungofunsa funso limodzi," anatero Kean. "Magaziwo unawayeza usanawathire?"

"Ndinafika mochedwa. Ukudziwa amene anandichedwetsa."

"Ndiye sunayeze."

"Ng'ombe inali imodzi, Kean. Matumba onse anachokera m'khosi limodzi. Lina latuluka bwino, lako latuluka ngati ladutsa pachigayo, ndiye olakwa ndi manja anga?"

"Kapampu kanga sikangapere magazi choncho. Ndimakadziwa."

"Amayi akonso amati amakudziwa."

Ine ndinagwira poto kuti asagwe.

"Phaik akuti unalowa ukuthamanga, bokosi likugundagunda m'miyendo."

"Phaik akuti."

"Sindikutanthauza zimenezo."

"Pita ukamufunse Phaik akuyezere. Manja ake ndi oyera zenizeni, sudzafunika kunamiza amayi ako."

Chitseko chinatsekedwa pang'onopang'ono, ndipo chitseko chotsekedwa pang'onopang'ono n'choopsa kuposa chomenyetsa. Ndinatuluka ndi tiyi amene palibe anamupempha.

"Mwana wanga, mwina ndi mzimu wa ng'ombeyo. Munaipha masiku oletsedwa."

"Agogo, chonde."

Ndinayatsa zofukiza pa guwa la agogo ake aamuna, ndinawafunsa chimene chalakwika. Sanayankhe. Ali moyonso sankayankha.

* * *

Masiku otsatira ndinasokonezeka mutu. Suan ankati chinkhoswe chilipo, kenaka ankati palibe, kenaka ankati ndisamufunse. Kean ankatumiza mauthenga a mawu, Suan ankawamvera kubafa madzi akutuluka pampopi kuti ine ndisamve. Ndinamva umodzi wokha: "Suan, sindikudziwa ngati ndikupepesa kapena ndikudikira kuti upepese iwe." Mnyamata wophunzira chotere osadziwa kanthu kakang'ono ngati kameneko.

Mnansi wanga wa khomo loyang'anana nalo anandionetsa chithunzi pa foni yake. Kean ndi Phaik kukachisi, onse m'zoyera, akugawa mpunga kwa okalamba, mapewa atagundana.

"Akuoneka bwino limodzi," anatero mnansiyo. "Ndikungonena."

"Nenani za mwana wanu amene amabwera kunyumba ndi nsapato imodzi," ndinamuyankha.

Tsiku loti mawa lake kusala nyama kutha, ndinaphika msuzi umene Suan amaukonda, wa tofu wogonetsa m'kachipinda kam'mwamba ka firiji. Tofu wotero akasungunuka amakhala ndi timabowo ngati chinkhupule, ndipo amamwa msuzi bwino. Suan anatola chidutswa, anachiyang'ana m'malo modya.

"Mukudziwa chimene chimabowola chonchi, agogo? Madzi akauma amasanduka timinga, timabaya chilichonse. N'chifukwa chake magazi sitiwaika m'mwambamo. Timatumba tonse timaphulika."

Supuni inandipulumuka.

"Tonse?"

"Tambiri. Bwanji?"

"Nanga munthu akawasungunula bwinobwino, ndi madzi ofunda, mwaulemu?"

Anaika chidutswacho pansi. Anandiyang'ana, anayang'ana firiji, anandiyang'ananso.

"Agogo. Munati m'makina ochapira."

"Limodzi. Linalo silinakwane."

Ndinkadikira kuti akalipe. M'malo mwake anaseka, kuseka koipa, mpaka kunasanduka kulira, mutu uli pa tebulo pafupi ndi mbale. Ine osadziwa kuti ndimutonthoze kapena ndithawe.

"Ndinamuuza Kean kuti kapampu kake ndi chigayo," anatero. "Pamaso pa abwana."

"Muimbire."

Anaimba. Anayankha ndi mawu a Phaik, okoma ngati shuga wothira kawiri. "Suan? Kean akuyeserera kunyamula mpando wa milungu, foni wandisungitsa ine. Ndimuuze chiyani?"

Suan anadula. "Basi. Sindiimbanso."

"Mwana wanga, kunyada sikufunda usiku."

Analowa kuchipinda n'kukhoma.

* * *

Ine basi ndimaiopa. Madalaivala a masiku ano amayendetsa ngati kwawo kuli maliro. Koma ndinavala zoyera, ndinakwera, ndinagwira chitsulo ndi manja awiri mpaka kukachisi.

Kunali utsi ndi ng'oma ndi anthu ngati nyerere. Kean ndinamupeza kuseri, kumene amaphikira, akumwa madzi, phewa lili lofiira ndi mtengo wa mpando. Ndinamukokera pafupi ndi nsalu yotchinga, ndipo ndinamuuza zonse, za kabichi, za matawulo, za madzi ofunda.

Anakhala pa thumba la mpunga.

"Munaika magazi m'ayisi."

"Kuseri kwa mabanzi."

"Ndiye kapampu kanga kalibe mlandu."

"Zimenezo sindikudziwa. Mwina kali nawo. Ine ndikudziwa za firiji yanga basi."

Anaseka, anagwira kumaso. "Ndipo Suan sanayeze chifukwa ife tinamukhalira m'nyumba mpaka dzuwa kukwera. Agogo, ndamulakwira kapena wandilakwira?"

"Ukandifunsa ine, nonse muli ndi mitu ngati maungu. Iwe n'chifukwa chiyani foni yako ikusungidwa ndi mwana wa eni?"

"Malaya awa alibe thumba."

"Soketsa."

Anaimirira, maso akuwala mwa njira imene sindinaikonde. Anati abwana anali atalola kuyesa kamodzi kotsiriza mawa lomwelo, asanatumize kapampu kakale kwa madokotala m'malo mwa kake. Iye sanafune, poti ankaona kuti Suan samukhulupirira. Tsopano anati iye mwini apita ndi Suan kophera ng'ombe, anyamule bokosi ndi manja ake, kuti pasadzakhalenso wina woloza mnzake chala.

"Iwe, wapenga? Mawa ndi tsiku lomaliza. Mawa unyamula mpando kupita nawo kunyanja. Wasala masiku onsewa kuti ukhale woyera, ndiye ukaponde m'magazi?"

"Ndipita kusanache, ndisamba, ndibwera. Palibe adziwe."

"Amayi ako analumbira pa moyo wako. Zinthu zimenezi sizisewera. Tuma munthu wina."

"Chaka chonse Suan wakhala akupita yekha kumeneko, agogo, kenaka n'kumabisa manja pamaso pa amayi ngati wakuba. Ine ndimangojambula, malaya ali oyera."

Mawuwo anali abwino, koma mawu abwino ndi amene amagwetsa nyumba. Atachoka ndinayang'ana pansi. Kunsi kwa nsalu yotchingayo kunali mapazi awiri, zikhadabo zopaka utoto, ndi makoko a karoti. Nsalu inagwedezeka, Phaik anatuluka ndi beseni m'manja.

"Agogo, mwabwera nokha? Mukanandiuza, ndikanakutengani."

"Wakhala pamenepo nthawi yaitali?"

"Karoti ndi wambiri," anatero, akumwetulira.

* * *

Ndinamuchenjeza Suan. Ndinamuuza za mapazi aja. Koma Kean anali ataimba kale, ndipo awiriwo anali pa foni akulankhulana motsitsa, uyu "ndine ndinalakwa," uyo "ayi ndine," ngati anthu okanirana nyama yomaliza m'mbale. Munthu amene wangobwezeredwa chikondi samva ngakhale bingu.

Suan anachoka kusanayere. Ine ndinakhala pampando nditavala, poti thupi linkandiuza kuti kubwera alendo. Kunja kutangoyamba kuyera, kugogoda kunamveka.

Anali Mayi Yeoh, m'zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kumbuyo kwawo Phaik, makiyi a galimoto m'manja, maso pansi ngati wozunzika.

"Agogo, Kean sali pabedi pake. Mwana uyu wandiuza nkhani imene sindikufuna kuikhulupirira. Inu ndinu wamkulu. Ndiuzeni kuti akunama."

Khosi langa, limene linagwedezeka bwino tsiku lija, linauma.

"Mayi, khalani pansi, ndiphike tiyi."

"Suan amalemba manambala?"

"Amalembanso."

Anatseka maso. "Valani nsapato. Mukandionetse."

M'galimoto ine ndinkapemphera kuti tayala liphulike, koma matayala a anthu oipa ndi olimba. Tinadutsa anthu akukonza ngolo za maluwa zopita kunyanja, tinakhotera njira ya kumafakitale, ndipo fungo linatilandira tisanaone geti.

Phaik anaimitsa patali pang'ono, pamalo oonekera bwino. Anasankha bwino, mwanayo.

Pakhonde la simenti, pansi pa nyali, panali Suan atagwada, akuthira mankhwala m'chidebe cha magazi kuti asagwirane. Pambali pake Kean, buluku loyera la kukachisi atalipisa m'majombo, atagwira chidebecho ndi manja awiri, akuchipendeketsa pang'onopang'ono monga Suan ankamuuzira. Pa mkono wa malaya ake panali banga lofiira. Suan ananena kanthu, Kean anaseka, anamugunda ndi phewa. Sindinawaonepo akukondana chotere, ndipo sindinachitepo mantha chotere.

Mayi Yeoh anayang'ana osaphethira. Milomo yawo inkayenda, koma sindinadziwe ngati akupemphera kapena akutukwana.

"Mayi," ndinatero, "timapamputo timapulumutsa anthu. Mwina Kuan Im angamvetse. Kapena ayi. Ine sindikudziwa."

"Ndinalonjeza kuti mwana wanga akhale ndi moyo. Sindinalonjeze kuti mwina."

"Amayi, tibwerere?" anafunsa Phaik mofewa.

"Iwe khala chete." Phaik anadzidzimuka, nanenso. Mayiwo anatambasula dzanja, ananditsegulira chitseko. "Tsikani, agogo. Ine sindingaponde pamenepo. Mukamuuze kuti mpando wa milungu anyamula wina. Mukamuuzenso kuti dzanja limene lagwira chidebecho silitsegula chitseko changa, lake kapena la mtsikanayo. Akafuna kwawo, asiye chidebecho pansi tsopano lino, abwere akwere galimoto, ndikamuyeretse kukachisi. Ndidikira mpaka inu mukafike pamene wayimapo."

Ndinatsika. Simenti inali yonyowa, ndipo ine ndimaopa kuterereka, ndiye ndinayenda pang'onopang'ono, pang'onopang'ono kuposa mmene ndinayenderapo moyo wanga wonse. Kean anadzutsa mutu, anandiona, anaona galimoto kumbuyo kwanga. Kuseka kunachoka pankhope pake.

"Usagwedeze," anatero Suan, amene anali asanaone kanthu. "Ukagwedeza timaphulika. Gwira choncho, usasiye."

Kean anayang'ana amayi ake, anayang'ana chidebe, ndipo sanasiye. Kumbuyo kwanga ndinamva galimoto ikulira.